Mfundo za pa Kapulana

Ndinadzuka kusanache, miyendo itachita dzanzi chifukwa chogona chokhala. Tinachezera pakhonde la azakhali anga ku Insaca, amayi okhaokha, titafunda makapulana, zitenje zathu zija, poti mvula inali itawaza. Azakhali anamwalira Lachisanu madzulo. Loweruka limene tinawaika ndi tsiku lomwe tinapangana kuti andiphunzitse kulemba pulano ya sabata.

Ndinali ndisanathe mwezi ndikugwira nawo ntchito pa eskolinya, sukulu ya ana aang'ono yomwe anaiyendetsa zaka zambiri kuseri kwa msika. Kumaphunziro anatiuza kuti mphunzitsi azikhala ndi makaderino awiri, ndiwo makope, wina wa pulano, wina wolembamo za mwana aliyense. Ndinagula onse, n'kuwakutira ndi pepala la thumba la simenti. Azakhali atawaona anaseka. Anati ndisalembe kanthu kaye, ndiyambe ndaona ana, zolembazo tidzachitira limodzi. Zinandinyansa, ndinaona ngati akundiyesa mwana. Tsono Lolemba ana anali kudzandipeza ndekha, makaderino ali mbee, mayina awo enieniwo ndikuwasokonezabe.

Kutacha tinakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unatiliza tonse, olira ndi osalira omwe. Anthu anayamba kufika. Abale a ku Amaramba anabwera panjinga, madengu a nsomba ali kumbuyo. Shapa, minibasi ya ku Entre Lagos, inatsitsa achibale a ku Malawi, ena oti sindinawaonepo. Amayi akuluakulu analowa m'nyumba kukasambitsa thupi ndi kulikulunga m'sanda, chitseko n'kutseka. Ine ananditumiza kumjigo.

Opepesa ankapita kwa bambo anga ndi kwa ana a malemu, ndipo n'zoyenera. Ine ndinali mwana wa mchimwene wawo basi, wotunga madzi ndi kutsuka mbale. Ndinasungulumwa pakati pa khamu lonselo. Ndinachitanso manyazi, chifukwa ena akulira mayi wawo, ine mtima unali pa Lolemba.

Itatha swala ya masana, amuna ananyamula jeneza, chithatha cha maliro. Ankayenda mwachangu, akulandirana paphewa, shehe ali patsogolo. Ife amayi tinalekezera kumapeto kwa bwalo, pakuti kwathu mkazi sapita kumanda. Zimenezi ndinazidziwa chibadwire, koma tsiku limenelo zinandiwawa. Ndinawayang'ana akudutsa pafupi ndi eskolinya mpaka anakhota pa mtengo wa mango.

Titabwerera pamphasa, mayi wina anasendera pafupi n'kundigwira dzanja. Ananditchula monga ana amatitchulira kusukulu.

"Titiya, pepani. Mwana wanga uja musamamukhazike kumbuyo, khutu lakumanzere samva bwino. Malemu ankadziwa."

Atachoka anabwera wina. Wake amangolankhula Chiyao, akakhala duu si mwano ayi. Wina anati wake amaluma anzake akamva njala. Wina wake sapita kuchimbudzi yekha, amaopa dzenje. Ankabwera mmodzimmodzi, motsitsa mawu, ndipo aliyense ankamaliza ndi mawu omwewo, akuti malemu ankadziwa.

Ndinalakalaka kaneta yoti ndilembere zonsezi. Koma ndani angatulutse kaneta pamaliro a azakhali ake? Mawa lake msika wonse ukanamva kuti mwana wa uje alibe chisoni, amalemba anthu akulira. Ndiye ndinagwira nsonga ya kapulana yanga, n'kumamanga mfundo, mwana mmodzi mfundo imodzi, ndikubwereza dzina chamumtima. Nsonga itadzaza ndinatembenuza ina.

Gogo wina amene amalera adzukulu anandifunsa mosapita m'mbali. "Nanga Lolemba tiwatumize, kapena sukulu yapita ndi mwini wake?"

"Atumizeni, agogo," ndinayankha. Mawuwo anatuluka ndisanawaganize.

Amuna anabwerako mapazi ali matope ofiira. Anasamba m'manja, anthu anadya, a kutali n'kuyamba kutsanzika pothamangira shapa mvula isanabwerenso. Pofika madzulo pabwalo panangotsala mafuwa akuda ndi mbale zobwereka. Ana a malemu anakakhala ndi bambo anga kwa amalume awo aakulu kukakambirana za sadaka. Ine anandisiya ndilonde nyumba.

Ndinakhala pamphasa ya azakhali pafupi ndi khomo, pomwe kuwala kunali kudakalipo. Mu kaderino wa pulano ndinangolemba mzere umodzi wa Lolemba: kukhala bwalo, kuimba, kuona ana. Kenako ndinatsegula winayo. Ndinkamasula mfundo, ndilembe dzina ndi zomwe mayi wake ananena, ndimasule ina. Wa khutu, wa Chiyao, woluma, woopa dzenje, onse analowa. Zolemba zake zinali zoti azakhali akanaziona akananditcha nkhuku yopalasa.

Inatsala mfundo imodzi. Ndinaipotokola ndi zala, ndinatsinzina, ndinayesa kukumbukira nkhope ya mayi amene anaiyambitsa. Palibe chinabwera. Mwana wina ali ndi chake choti ndichidziwe, ndipo ine ndachitaya pakati pa utsi ndi mbale.

"Azakhali, kodi uyu ndi wa ndani?" Ndinafunsa mokweza, nditatembenukira kuchipinda monga ndinkachitira masiku onse.

Padenga mvula inayamba kudontha pang'onopang'ono. Mfundoyo sindinaimasule. Ndinapinda kapulana n'kuiika pamwamba pa makaderino, kuti Lolemba ndikaivale pamaso pa ana, ndikayambe kuwaona ndekha.