Mbendera Imodzi ku Skerries

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina atanyamula mpira wooneka ngati papaya. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Lucan, kuno kutsidya kwa nyanja, awiriwiri, ine ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anauponya pampando n'kundiuza kuti walowa timu. Nditamufunsa ngati ndi ragibi, anaseka, nati ndi mpira wa ku Australia. Iyeyo Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi, choncho mawu ake onse m'nkhaniyi ndawaika m'chinenero chathu ndine.

Timuyo anaiyambitsa ndi aphunzitsi a masewera, mayi wamtali wa konkuno amene anakhalako ku Australia zaka zingapo. Atsikana ambiri amene anawasonkhanitsa ankasewera kale mpira wa Chigeliki, umene ana a kuno amakula nawo. Wanga yekha ndiye anali asanamenyepo mpira wamtundu uliwonse. Anamutenga chifukwa cha msinkhu, ndipo msinkhuwo anatengera ine.

Ine ndinasewera netibo kusekondale ku Zomba, pabwalo ladothi, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Koma nditapita kukaonerera akuphunzira, ndinangogwira pakamwa. Atsikana ankathamanga mpira uli m'manja, ankagwirana m'chiuno n'kugwetsana m'matope, ankapatsirana pomenya mpira ndi chibakera. Zonse zimene ine ndinkaimbidwira wisulo, kuno zinali zololedwa. Mwana wanga anandifotokozera pang'onopang'ono. Kumapeto kwa bwalo kumakhala mizati inayi, iwiri yaitali pakati, iwiri yaifupi m'mbali. Mpira ukadutsa pakati pa yaitaliyo osakhudza kanthu, ndi mapointi sikisi. Ukadutsa cham'mbali, kapena ukangokhudza mzati, ndi pointi imodzi yokha.

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi tinkapita kupaki yakuseri kwa nyumba. Iye ankamenya, ine ndinkawakha, ndili mu diresi yanga ya kutchalitchi ndi jekete pamwamba. Mpira umenewo sumvera munthu. Ukagwa pansi umadumphira kumene wafuna, ndipo anthu oyenda ndi agalu awo ankaima n'kumationerera tikuuthamangitsa. Masiku amenewo mwanayo anali atayamba kudzitsekera kuchipinda, kuyankha ndi mawu amodziamodzi. Kupakiko kokha ndiye ankalankhula mpaka ine kutopa.

M'mwezi wa Meyi kunakonzedwa chikondwerero cha masewerawa cha sukulu za m'chigawo chathu, ku Skerries. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wina wa ku Zambia, ndipo Loweruka m'mawa tinakwera basi mpaka m'tauni, kenaka sitima, atsikana khumi ndi awiri, aphunzitsi ndi makolo ochepa. Bwalo linali pafupi ndi nyanja. Mphepo yake inali yolowa m'mafupa ngakhale dzuwa linali litawala. Matimu anabwera ndi matenti, ng'oma, ndi azigogo okhala pamipando yopinda atafunda mabulangete. Ine ndinabweretsa mandasi m'chidebe cha ayisikilimu, ndipo anatha masewera oyamba asanayambe.

Masewera oyamba tinagonja moipa. Achiwiri tinapambana, mwana wanga atawakha mpira m'mwamba pamwamba pa atsikana awiri, kuwakha kwa netibo kwenikweni, moti ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati anthu aona. Kuti tilowe m'ndime yomaliza tinafunika kupambana achitatu, ndi sukulu ina ya ku Tallaght.

Asanayambe, aphunzitsi anabwera kwa ine atanyamula timbendera tiwiri toyera. Anati bambo amene ankaima kuseri kwa mizati wapita kuntchito, ndipo timu iliyonse inkayenera kupereka munthu mmodzi.

"Mayi, inu malamulo mukuwadziwa kuposa makolo enawa," anatero. "Chikakhala chigoli, mbendera ziwiri. Ikakhala pointi, imodzi. Basi."

Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera. Kunena zoona, mumtima ndinanyadira.

Chigawo choyamba chinayenda bwino. Ndinakweza mbendera mmene zinayenerera, ndipo woimbira wisulo, bambo wachikulire wa kabudula wamfupi, anandikwezera chala chachikulu. M'chigawo chachiwiri matimu anasinthana mbali, ndiye atsikana athu ankamenyera kumizati kumene ine ndinaima. Kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe tinali kumbuyo ndi mapointi atatu. Mpira unabwera m'mwamba, mwana wanga anadumpha n'kuugwira. Ukawakha chotero umapatsidwa mpata womenya popanda wokusokoneza. Anabwerera m'mbuyo, anakweza masokosi, anapukuta manja pajezi, monga ankachitira kupaki kuja. Sanandiyang'ane.

Anaumenya bwino. Unakwera molunjika, koma uli pafupi kufika mphepo inaukankhira kumanja. Unadutsa pakati ndithu, koma podutsapo unakhudza mzati wautali. Kunali kukhudza pang'ono chabe. Ndinamva kuti gu, ndipo ndinaona mzati ukugwedera pamwamba pamutu panga.

Atsikana athu anali atayamba kale kulumpha ndi kukumbatirana. Woimbira wisulo anali patali, ndipo anayang'ana kwa ine kudikira. Mbendera zonse ziwiri zinali m'manja mwanga. Sindinganame kuti sindinaganize. Ndinaganiza, ndipo dzanja lamanzere linafika poyamba kunyamuka lokha. Koma ndinakweza imodzi.

Phokoso linasamukira mbali ina ya bwalo. Wisulo yomaliza inalira posakhalitsa, ife titagonja ndi mapointi awiri. Ndinapinda timbendera tija bwinobwino ngati zovala za eni, n'kukapereka kwa aphunzitsi. Iwo anangondigwira paphewa. Mayi wina wa timu yathu anandiuza mosekaseka kuti akanakhala iye, maso akanamuvuta pang'ono nthawi imeneyo. Ndinaseka nawo, koma sizinandikomere.

Mwana wanga anandidutsa ngati sakundidziwa. Masewera atatha, timu yonse inapita kudoko kukadya tchipisi. Atsikana anakhala pakhoma miyendo ili lendelende, matope atauma m'mawondo, akuthamangitsa mbalame za m'nyanja zimene zinkafuna kuwalanda chakudya. Pasanathe nthawi anali atayamba kuimba ndi kusekana za mmene wina anagwera chagada. Wanga yekha anakhala kumapeto, nsana atalozetsa kwa ine. Ndinamugulira tiyi, anapatsa mnzake.

Musitima ndinakhala ndekha pafupi ndi zenera, ndikuyang'ana nyanja ndi minda ikudutsa. Titadutsa masiteshoni awiri anabwera n'kudziponya pampando wa pambali panga, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi, unakhudzadi?"

"Unakhudza, mwanawe. Ndinamva ndi makutu angawa."

Anayamba kukanda matope pachigongono.

"Ndikudziwa," anatero. "Inenso ndinaona. Ndimangofuna kuti pasapezeke wina woona."

"Ndiye wandikwiyira chifukwa ndinaona?"

"Ndakukwiyirani chifukwa munaima pamenepo. Makolo a anzanga amangokhala pampando n'kumawomba m'manja."

Ndinamuuza kuti ulendo wina ndidzakhala pampando. Anati ndisatero, chifukwa bambo aja amene anapita kuntchito sankadziwa kusiyanitsa mizati. Tinaseka pang'ono. Kenaka anatsamira paphewa panga n'kugona, tsitsi likununkha udzu ndi viniga wa tchipisi, ndipo jekete yanga inafika kunyumba ili ndi matope mbali imodzi.

Anasewera zaka zina ziwiri. Sanapambanepo chikho, ngakhale chaka chotsatira anafika m'ndime yomaliza, ine nditaimanso kuseri kwa mizati. Kenaka mayeso anayandikira, aphunzitsi anasamukira kusukulu ina, timu n'kutha mwakachetechete. Panopa ali kuyunivesite ku Cork. Amaimba foni Lamlungu madzulo, ndipo zokamba zake ndi za maphunziro ndi anzake amene ine sindinawaonepo.

Chaka chatha ndinaperekeza mayi wina wokalamba wa kuntchito kwathu kuchipatala ku Tallaght. Tili pamzere wodikira, ndinamva munthu akundigwira mkono. Anali aphunzitsi aja, tsitsi litayamba imvi, atabwera kudzaonetsa bondo. Tinakhala pamodzi n'kuyamba kuwerenga atsikana aja mmodzimmodzi. Wamfupi uja wothamanga kwambiri akuphunzira unamwino. Amapasa aja mmodzi ali ku Canada, wina akugwira ntchito musitolo ya bambo ake. Uja ankalira akagwetsedwa ndiye yekhayo amene akusewerabe, ndipo akuti tsopano ndi iye amene amagwetsa anzake. Aphunzitsi ankakumbukira aliyense ndi malo amene ankasewera, ine ndinkakumbukira amayi awo. Tinali titangofika pa wachisanu ndi chitatu pamene namwino anatuluka n'kuitana dzina la mayi ndinawaperekezawo. Ndinaimirira, ndinamasula mabuleki a njinga yawo ya odwala, ndipo tinatsanzikana ndi aphunzitsiwo, atsikana anayi enawo tisanawatchule.