Simenti Inathera Pamimba

Mkulu womata nyumba amene tayandikana nayeyu sadutsa khoma osaligogoda. Kaya ndi kuchipatala, kaya ndi kwa apongozi, amapinda chala n'kutchera khutu. "Khoma silinama," amatero. "Likalira ngati chitini, ndiye kuti mtima wa mmisiri unali kwina."

Atapuma ntchito, anaumba moyo wa munthu ndi simenti pakhoma la khonde lake: khanda, kenako mnyamata ndi mtsikana atagwirana manja, kumapeto nkhalamba ziwiri zogwirira ndodo imodzi. Anthuwo anatulukira pakhomapo theka, ngati akufuna kutsika. Mlendo salandira mpando asanamve tanthauzo lake: ndodoyo ndi chikondi, nkhalambazo ndi iyeyo ndi mkazi wake.

Tsiku lina akufotokozera mlamu wake, mlamuyo anayandikira n'kutsinzina diso limodzi.

"Alamu, inuyo ndakuonani, mimba yafika mpaka kumsewu. Nanga achemwali angawa aphwatalala bwanji chonchi, ngati chithunzithunzi?"

"Simenti inathera pamimbapo," anayankha mkazi wa mkuluyo, atakhala pambali, maso ali pamalaya amene ankasoka. Sanaseke.

Mkuluyo anati adziteteze, koma chala chinatsogola mwachizolowezi. Anagogoda mimba yake yapakhomapo, yolimba gwa. Anagogoda pachifuwa pa mkazi wake wasimentiyo, panalira ngati chitini. Apo m'pamene anakumbukira kuti mbali imeneyo anaimata mothamanga, anzake akumudikira kumpira.

"Tatiuzani, amisiri," anatero mayiwo, "khoma lati bwanji?"

Mkuluyo anangoyang'ana zala zake. M'mawa mwake tinamuona akuchokera kusitolo, thumba la simenti lili paphewa, osagogoda khoma ngakhale limodzi.