Masheya a Alamu Anga

Gulu lathu linayamba ngati chipereganyu. Tinali mabanja ochepa, ena a ku Malawi, ena a ku Zambia, tonse opemphera tchalitchi chimodzi ku Etobicoke, kuno ku Canada. Patapita zaka tinagwirizana kuti ndalama zisamangozungulira, tizigula masheya m'makampani. Nzeru imeneyi anabwera nayo ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga, omwe amagwira ntchito ya makompyuta ku Markham. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Za masheya sindinkazidziwa, ndiye chilichonse chimene ankanena ndinkangoti inde.

Loweruka lina masana, chisanu chili pachimake, tinakumana kwa alamuwo ku Mississauga, m'chipinda chapansi. Masiku amenewo pa TV nkhani inali imodzi. Maiko awiri oyandikana, kutali kutsidya kwa nyanja, anali ataunjika asilikali pamalire, ndipo akazembe a maiko ena ankauluka uku ndi uku kuyesa kuwakhazika pansi kuti akambirane.

Anatsegula ndi pemphero anali mkulu wa mpingo wathu, bambo a ku Chipata a mawu okoma. Anapempherera akazembe aja kwa nthawi yaitali. "Ambuye, apatseni nzeru. Magazi a ana anu asakhetsedwe." Tonse tinati ameni, ine kuchokera pansi pa mtima.

Ameniyo asanazizire, alamu analumikiza laputopu ku TV. Panaoneka mzere wobiriwira wokwera ngati njira ya paphiri.

"Abale, mwayi sudikira," anatero. "Awa ndi makampani opanga zida za asilikali: mizinga, madroni, makamera oona mumdima. Onani mmene akwerera chiyambireni mkanganowu. Zokambirana zija zikalephera, ndipo ndikukuuzani kuti zilephera, mzerewu ukagunda denga. Tiinveste pano, apo ayi mwezi wamawa tidzalira."

Anthu anasendera kutsogolo. Mayi wina anafunsa, "Nanga akagwirizana?"

"Ndiye tsoka lathu limenelo," anayankha alamu akuseka. "Koma musaope. Anthu aja sagwirizana."

Onse anaseka nawo. Ine ndinali nditaluma mandasi, koma ndinawabwezera m'mbale.

Ndinakulira ku Ntcheu, kumene msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Ndili mtsikana kutsidya kuja kunali nkhondo, ndipo anthu ankaoloka msewu atasenza mphasa ndi mapoto. Mayi wina anamanga kachisakasa kuseri kwa khitchini yathu. Analibe mwendo wakumanzere. Anaponda bomba lokwirira akupita kumunda kwake. Amayi anga ndiwo ankamutsuka bala, ine n'kumagwira beseni. Fungo la balalo sindinaliiwale. Ngakhale pano, ndikamasula bandeji ya wokalamba kuntchito, nthawi zina limandibwerera. Mng'ono wanga anali wakhanda kumbuyo, sakumbukira kanthu.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Alamu, ndifunse nawo. Ndiye kuti ife tipindule, anthu aja aphane?"

"Ayi alamu, musaitenge choncho. Ife sitikuombera munthu. Zidazo apangabe, tigule tisagule. Komanso ndi zodzitetezera."

"Nanga mwati akagwirizana ndi tsoka lathu."

"Ndi kayankhulidwe chabe."

Ndinatembenukira kwa mkulu wa mpingo. "Abambo, inu mwangopempherera mtendere pompano. Mukuti bwanji?"

Anakonza magalasi, n'kuyang'ana pa TV. "Mayi, kupemphera n'kupemphera, bizinesi ndi bizinesi. Mulungu anatipatsanso nzeru. Ana athu akufuna sukulu."

Ndinawauza za mayi wa mwendo umodzi uja. Sindinafotokoze bwino, ndipo ndinaona wina akuyang'ana pafoni. Nditamaliza, alamu anapumira m'mwamba ngati munthu woleza mtima kwambiri.

"Pepani ndi zimene munaona. Koma alamu, penshoni yanu ya kuntchito mukuganiza kuti ili kuti? Kafufuzeni. Mukapeza kuti makampani omwewa alimo. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukudya mutatsinzina."

Tinavota pokweza manja. Manja onse anakwera kupatula langa. La mng'ono wanga linakwera mochedwa, maso ali pansi, koma linakwera. Kenaka anabweretsa nkhuku yootcha ndi mpunga, anthu n'kuyamba kukambirana za mtengo wa matikiti opita kumudzi. Ine ndinavala jekete ndi nsapato zanga zonyowa, ndinakaima pamalo okwerera basi mphepo ikundimenya kumaso. Kunja kunali bwino kuposa m'chipinda muja.

Lolemba ndinaimba foni ku ofesi yoona za penshoni. Mtsikana amene anayankha anali waulemu. Anati ndalama zathu amaziphatikiza n'kuzimwaza m'makampani ambirimbiri, ndipo sangathe kupatula zanga zokha. Ndinamufunsa ngati opanga zida alimo. Anati n'kutheka. Ndinathokoza, ndinadula foni, ndinakhala pabedi nditavala yunifolomu. Alamu sananame, ndipo zimenezo zinandinyansa koposa. Ndinalemba kalata yodandaula. Anandiyankha kuti ailandira.

M'gulu ndinatuluka sabata yomweyo. Anandibwezera gawo langa popanda mkangano. Koma pa WhatsApp ya gululo anaiwala kundichotsa, ndipo ine sindinachoke, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna kuona. Zokambirana zikasokonekera, alamu ankatumiza chithunzi cha mzere wobiriwira, anthu n'kumayankha ndi tizithunzi ta moto ndi ta manja owomba. Tsiku lina mzinga unagwera pamsika pafupi ndi malire aja. Pa TV anaonetsa nsapato ndi tomato zili mbwee pansi. Pagulu paja wina analemba kuti, "Zikuyenda."

Chisanu chitatha, akazembe aja anakwanitsa. Mbali zonse zinasaina kuti asilikali abwerere m'mbuyo. Ndinaziona pa TV ya kuntchito ndikudyetsa phala agogo ena amene sakumbukiranso dzina lawo. Ndinawauza kuti nkhondo yalephereka, iwo anamwetulira chifukwa ine ndinamwetulira. Pa nthawi yopuma ndinatsegula foni. Gulu linali pamaliro. Mzere unali utafiira. Mayi uja amene anafunsa tsiku loyamba ankafuna kuti agulitse msanga. Alamu anamuyankha kuti, "Osagulitsa. Limbani mtima, mtendere umenewu sukhalitsa." Pansi pake mkulu wa mpingo anaikapo kachithunzi ka manja opemphera.

Pamenepo ndinachoka pagulu la WhatsApp lija. Ndinasamba m'manja kawiri ndisanabwerere kwa agogo aja.

Mng'ono wanga anabwera kwanga patapita milungu iwiri. Anakhala pampando osavula jekete.

"Achemwali, mwatichititsa manyazi. Anthu akuti mumadziona ngati oyera."

"Sindine woyera. Amuna ako anandionetsa kale zimenezo."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Vuto n'lakuti ine sindingadzuke m'mawa n'kumalakalaka kuti anthu alephere kugwirizana. Iwe umatha?"

Anati iye nkhani sazioneranso, akaona zayamba amasintha tchanelo. Anati nyumba yawo ndi yodula, ana akukula, ndipo amuna ake akagwira chinthu sasiya. Ndinamuthirira tiyi, anamwa theka.

Mpaka lero gululo lilipo ndipo masheya aja sanagulitse. Ine ndi mng'ono wanga timaimbirana Lamlungu lililonse, timakamba za ana, za ntchito, za amalume akudwala kumudzi. Kunyumba kwawo ndimapita pakakhala phwando la ana. Alamu amandilandira bwino, ine ndimawayankha bwino, ndimakhala pabalaza, ndipo m'chipinda chapansi sinditsikamo.