Bokosi la apongozi anga aakazi

Apongozi anga aakazi sindinawaonepo. Pamene ndinkakwatiwa n'kuti atamwalira kalekale, koma manda awo kunalibe. Anaponda bomba lokwirira m'munda mwawo momwe, kutsidya kwa malire a Dedza, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Apongozi aamuna anaona zonse ali m'mphepete mwa mundawo. Kulowamo kukatenga mtembo sakanatha, chifukwa panalibe wodziwa kuti mabomba ena ali pati. Anatenga mwana wawo wakhanda, amene ndi amuna angawa, n'kuthawa tsiku lomwelo. Akazi awo anatsala pomwepo, pakati pa mizere.

Apongozi aamunawo ine ndinawapeza ali mlonda pa nyumba zosungira fodya ku Kanengo. Atapuma ntchito anabwera kudzakhala nafe ku Kawale, m'chipinda chakuseri. Anali munthu wosavuta, wosayankhulayankhula. Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo, iwo ayi. Anapitako kamodzi kokha, n'kupeza munda uli tchire lokhalokha, atauzunguliza ndi miyala yopaka penti yofiira kuti munthu asayerekeze. Tikawafunsa zobwerera ankangoti, "Ndizikagona m'nyumba mkazi wanga ali panja?"

Tsiku lina mwana wa mlongo wawo anaimba foni kuchokera kumudziko kuti ochotsa mabomba afika. Anatifotokozera mmene amagwirira ntchito. Munthu amagwada, n'kumayendetsa chida chimene chimalira chikamva chitsulo pansi. Chikalira, amapala dothi ndi kachitsulo, pang'onopang'ono, ngati akufukula mbatata yoti isabaike. Nthawi zambiri amangopeza msomali kapena chitini. Tsiku lathunthu amamaliza malo ongofanana ndi khonde lathu. Anayamba ndi msewu, kenako pamjigo, kenako pasukulu. Munda wa apongozi unali wakumapeto, m'munsi mwa phiri.

Mvula inagwa kawiri tikudikira. Ine ndimasoka pakhonde, ndiye apongozi ankabwera kudzakhala pambali pa mashini.

"Apongozi, foni sinalire?"

M'mawa funso lomwelo, masana lomwelo. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndimadzidziwa. Tsiku lina, ndili ndi mayunifolomu a kwaya ofunika Lamlungu, ndinawayankha kuti, "Bambo, ikalira muimva, si yachinsinsi!" Ananyamuka n'kubwerera kuchipinda kwawo. Ndinadzimvera chisoni mpaka ulusi unandikana kulowa pasingano. Nthawi imeneyo n'kuti miyendo yawo itayamba kutupa, ndipo chifuwa sichinkawasiya. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi koma osachitchula: kuti adzatisiya asanaike akazi awo m'manda.

Foni ija inalira dzuwa lili paliwombo, mwezi wa fumbi. Ochotsa mabomba aja anali atafika m'mundamo. Anapeza mafupa ndi khasu lopanda mpini. Anaphimba ndi pepala la pulasitiki, chifukwa anthu a m'mudzi anawauza kuti mwini wake alipo, ali ku Lilongwe.

M'mawa mwake ine ndi amuna anga tinapita kwa akalipentala ku Biwi kukakhometsa bokosi. Pano ndisaname, wolimbikira ndinali ine. Amuna anga ankafuna la matabwa wamba. Ine ndinati ayi, mayi wakhala panja zaka zonsezi, lero tikamuike m'bokosi ngati la tomato? Ndipo akumudzi akatiyesa anthu otani, ana a m'tauni? Ndinasankha lonyezimira, la zogwirira zachitsulo, m'kati mwa nsalu yoyera yopinda bwino.

Kalipentala anafunsa funso lake la masiku onse. "Malemuwo ndi aatali bwanji?"

Tinangoyang'anana. Amuna anga amayi awo sawakumbukira n'komwe. Tinabwerera kunyumba kukafunsa apongozi. Anaimirira movutikira, n'kuika dzanja paphewa pawo. "Ankalekezera apa." Ine ndinatenga tepi yanga yosokera, n'kuyeza kuchokera pansi mpaka paphewapo, ndipo muyeso umenewo ndi umene tinapereka kwa kalipentala. Palibe mmodzi wa ife amene anaima n'kuganiza. Ifetu tinazolowera maliro a ku Kawale, oti munthu wamwalira dzulo, lero mukukamutenga kuchipatala. Bokosi litafika, apongozi analiyang'ana nthawi yaitali.

Tinalikweza papikapu n'kunyamuka. Kumudziko tinapeza anthu atasonkhana kale, manda atakumbidwa. M'mphepete mwa munda munali mayi wina wovala chovala cholemera chotchinga pachifuwa, ndipo anthu anatiuza kuti ameneyo ndiye mkulu wa ochotsa mabombawo. Iwo akamaliza malo, amayamba okha kuyendapo mwini wake akuona. Mayiyo anatsogola, apongozi pambuyo pake, kenako amuna anga. Ine, wapakamwa uja, ndinkaponda ndendende pamene mnzanga waponda, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwanga amuna anayi ananyamula bokosi.

Atavundukula pulasitiki uja, mayo ine! Zonse zimene zinalipo zikanakwana m'lichero. Ndinayang'ana bokosi langa lonyezimira lija, manyazi anandigwira mpaka ndinasowa koloza maso.

Apongozi anagwada, ngakhale miyendo inali yotupa. Osacheuka anati, "Apongozi, ndibwerekeni chitenje chanu."

Ndinamasula chapamwamba n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anachiyala pansi, n'kuyamba kutola limodzilimodzi, akuchotsa dothi ndi chala. Wina atafuna kuthandiza anamukaniza. Atamaliza anamanga bwinobwino, n'kuika m'bokosi muja. Kamtoloko kanangokhala pakona. Amuna aja atangonyamula, tonse tinamva kakugubuduzikira kumapazi.

"Tsitsani," anatero apongozi. "Tsegulani."

Anakatulutsa n'kukafungatira pachifuwa. Anthu anayamba nyimbo, ndipo tinalunjika kumanda, bokosi lopanda kanthu likutsatira pambuyo. Koma tisanatuluke m'munda mpweya unawathera. Anaima, akupumira m'mwamba. Ndinaganiza kuti tsopano avomera bokosi. M'malo mwake anaitana mwana wawo.

"Iwe, tabwera kuno. Nyamula amako."

Amuna anga, bambo wa ana atatu, imvi zitayamba kale, anapukuta manja pathalauza n'kulandira. Anayenda pang'ono, kenako anaima.

"Bambo, sakulemera."

"Ndikudziwa," anatero apongozi. "Yenda pang'onopang'ono."