Choko pa injini ya atate

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha lole ya atate. Inafera pa Shimabala itanyamula kabichi, patangopita miyezi yochepa titaika maliro awo, ndipo anachita kuikoka ndi tcheni mpaka ku galaji ya ba Sakala ku Industrial Area. Ba Sakala anali mnzawo wa atate kuyambira paunyamata. Ine ndinangoperekeza amayi. Sukulu inali itatsekera, ndipo masiku amenewo ndinkangokhala m'chipinda, kulankhula ndi dayale yanga yokha, kabuku kamene ndinkalembamo zakukhosi.

Ba Sakala anandiyang'ana, kenako anati kwa amayi, "Mulamu, uyu mwana azadwala na kunkhala zii. Nipaseniko azisuka maspeya."

M'mawa mwake anandipatsa ovolosi yaikulu imene ndinaipinda manja ndi miyendo, diramu yodula pakati yokhala ndi parafini, bulashi ya waya, kachitsulo kopalira ndi nsanza. Chitsulo chilichonse chochoka mu injini chinkadzera kwa ine. Ndinkachiviika, kuchikwecha, kuchipukuta, n'kuchiyala pa thebulo. Mabawuti ndinkawabaya pa katoni motsatana ndi mmene anachokera, kuti pobwezera lililonse lilowe m'bowo lake.

Amakanika sanali oipa mtima, koma nthabwala zawo zinkathamanga kuposa pakamwa panga. Mmodzi, dzina lake Mabvuto, ankanditcha "ba Hedimisitiresi" chifukwa sindinkaseka. Masana iwo akapita kukadya ku msika, ine ndinkakwera mu lole ya atate n'kutseka chitseko. Munkamvekabe fungo la nsomba za ku Chanyanya ndi la sopo amene atate ankasambira. Kachipangizo kowerengera makilomita kanali kataima ndisanayambe n'komwe sukulu. Palibe ankadziwa mtunda umene loleyo inayenda.

Oilo amene anakhetsa mu injini anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi a mu radiyeta ankalowa mmene sayenera kulowa. Ba Sakala anawafotokozera amayi momveka. Likakhala vuto la gasiketi, yomwe imamata pakati pa hedi, chivundikiro cha injini, ndi buloko, akonza. Koma buloko yeniyeniyo, thunthu la injini, ikakhala yong'aluka, pafunika injini ina, ndipo kuika injini ina pa lole imene pansi pake panadyeka ndi madzi a nsomba n'kutaya mphamvu pachabe.

Loleyo ndi imene inkatidyetsa. Amalume, achimwene awo a amayi, ankafuna kuti igulitsidwe, asonkherane ndi amayi agule kagalimoto kakang'ono. Wogula anali atampeza kale. Ine ndinkapemphera kuti ikhale gasiketi.

Tsiku limene ananyamula hedi, gasiketi inapezeka itapsa pakati pa masilinda awiri, mabowo akuluakulu a mu buloko. Mabvuto anainyamula m'mwamba akuvina.

"Gasiketi chabe! Ba Hedimisitiresi, sekaniko lelo, ni mahala, kulibe kulipila!"

Ndinamwetulira. Iye anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

Koma ba Sakala satseka injini asanaipime ndi choko. Anandionetsa kachitidwe kake. Umapala pamwamba pa buloko mpaka pawale, n'kupakapo parafini kuti alowe paliponse pamene pali mpata. Ukatero umapukuta mpaka paume, n'kukwechapo choko cha kusukulu paliponse, kenako n'kudikira. Ngati pali mng'alu, parafini wobisala mkatimo amatuluka n'kudetsa chokocho. Atandionetsa anapita kunja kukaona minibasi ya kasitomala, ndipo anyamata anawatsatira.

Ndinatsala ndekha ndi injini yoyera mbuu. Ndinkangomva wailesi ya kwa owotcherera ndi sitima patali. Kenako kamzere kanayamba kuoneka, kowonda ngati tsitsi, kochokera m'mphepete mwa silinda kukafika pa bowo la madzi.

Ndinaganiza kuti mwina sindinapukute bwino. Ndinafufuta, kuumitsa, n'kupakanso choko. Kanabweranso pomwepo.

Nsanza inali m'manja mwanga, ndipo panalibe amene anaona. Ndikanangopitiriza kupukuta mpaka parafini yense atatha n'kupakapo choko chouma, akanaitseka injini ija, lole ikanabwerera pakhomo, ndipo m'mawa ndikanamvanso kulira kwake pawindo. Koma ndinaona m'maganizo amayi ataima m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, nsomba za eni ake zikuwola padzuwa.

Ndinatuluka. Ndinakoka ba Sakala pa mkono wa ovolosi mpaka pa injini. Anawerama, n'kuyendetsa chikhadabo pa mzerewo. Chinakodwa. Kenako anatuma Mabvuto kukaitana amayi ku msika kumene ankagulitsa.

Amayi anafika ndi chitenje chonyowa ndi madzi a ndiwo zamasamba.

"Simungawotcherere?" anafunsa.

"Ningawotcherere, mulamu. Izayenda mwezi, kapena chaka, siniziba. Koma siku izafa, izafa na katundu ya bantu. Uyu motoka anasebenza, wasila."

Amayi anayang'ana kamzere kaja, kenako manja anga oyera ndi choko.

"Wauona ndiwe, Mailesi?"

"Ee, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anagwira chitseko cha lole ngati mmene amagwirira phewa la munthu pamaliro, n'kunena kuti, "Muwauze achimwene abweretse wogula uja."

Palibe ananditcha Hedimisitiresi madzulo amenewo. Ndikuvula ovolosi, ba Sakala anakwera mu lole, n'kumasula kampira ka pamwamba pa giya. Kanali kosalala, manambala ake atafufutika ndi chikhatho cha atate. Anakaika m'manja mwanga.

Kagalimoto katsopano kakuyenda bwino, ndipo amalume ndi amene amayendetsa. Ine ndinagwirabe ntchito pa galaji mpaka sukulu itatsegulira. Chimene ndinatengako n'chakuti wotsuka ndi amene amayamba kuona, ndipo chimene waona ayenera kuchinena, ngakhale mtima ukukana. Ndinatsuka zitsulo zambiri tchuthi chimenecho, mpaka zala zinasenda. Kampira ka giya kali pawindo la kuchipinda kwanga, kakadali ndi litsiro lake. Kameneko kokha sindinakatsuke.