Makina a Bwana ndi Munda wa Celestina

Ambrose anabadwira ku Malindi mu 1953, m'banja la asodzi. Anakwatira Celestina Loweruka pa 25 Ogasiti 1979, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kumtunda kwa mishoni. Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi, Benedicta. Mwini ukonde umene ankakokako atamwalira, Ambrose anawoloka Shire kukafuna ntchito. Lolemba pa 2 Malichi 1981 analembedwa yosesa pabwalo kunyumba ya a Macloud, mkulu wina wa chipani, m'mbali mwa nyanja pamsewu wa ku Monkey Bay. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu yapafupi, ndipo popeza iye sankadziwa kulemba, makalata ake ndinkamulembera ndi kumuwerengera ndine.

M'nyumbamo munali makina oziziritsa mpweya. Mbali ina inali m'chipinda cha bwana, ina inali chibokosi chachitsulo kuseri kwa nyumba, chimene chinkataya kutentha panja. Mkati mwake munali fani, m'mbali mwake timapepala tachitsulo tothinana ngati mano a chipeso. Timapepalato tinkatsekeka ndi fumbi, masamba, komanso nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Mmisiri wa ku Blantyre anaonetsa Ambrose katsukidwe kake kamodzi kokha, iye n'kugwiriratu.

Ankayamba wazimitsa magetsi, n'kumasula chivundikiro. Ankasesa ndi burashi yofewa motsata mizere, kuchoka pamwamba kutsika pansi, osati chopingasa. Kenaka ankathira madzi pang'onopang'ono kuchokera mkati, kuti litsiro litulukire kunja. Kapepala kakapindika ankakawongola ndi kansungwi kamene anasema ngati singano yosokera ukonde.

“Chinthu ichi n'chimodzimodzi nsomba, aphunzitsi,” ankandiuza. “Mukachitseka popumira, chafa.”

A Macloud anakondwa naye, ndipo vuto linayambira pomwepo. Iwo ankabwera kunyanja nthawi yotentha, kuyambira Okutobala mpaka Disembala, miyezi yomwe mkamwini amayenera kukhala m'munda wa mkazi wake. Ambrose ankamasulidwa mu Juni, mwera ukuwomba, khasu lilibe ntchito. Zaka zisanu Celestina anagalauza mizere yekha.

Mu 1984 Ambrose anapempha kuti asiye ntchito. Bwana anamufunsa kuti, “Iwe, ukufuna ndiphikike m'nyumba muno? Wakutuma ndani?” Masiku amenewo funso limenelo linkasowetsa munthu. Ambrose anapepesa, ndipo sanapemphenso.

Lolemba pa 6 Okutobala 1986 anabwera kwa ine ndi kalata yochokera kwa a Simioni, malume ake a Celestina, amenenso anali nkhoswe. Inali yaifupi. “Mkamwini, ife tinapereka mwana wathu kwa munthu, osati kwa chitsulo. Mvula ikagwa inu musanamalize munda, musadzabwerenso kuno.” Anandipempha kuti ndiiwerenge kawiri.

Uthenga unali utabwera woti bwana sabwera mpaka pakati pa Novembala. Ambrose anaganiza zophunzitsa a Jeremiya, mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire amene kale anali msodzi. Anawaonetsa masiku atatu.

“Osakwecha ndi mchenga, a Jeremiya. Si mphika umenewu.”

“A Ambrose, ine ndinayamba kusamala zinthu inu musanamere mano. Bwato langa linatha zaka khumi ndi ziwiri. Kandivute kachibokosi aka?”

“Madzinso osathira mwamphamvu.”

“Ndamva, ndamva. Pitani mukalime, angakulandeni mkazi.”

Anawauza za burashi, za madzi, za magetsi. Zoti asamavundikire chibokosicho sanatchule, chifukwa sizinamubwerere m'mutu. Ananyamuka Loweruka pa 25 Okutobala osatsanzika kwa bwana. Ku Malindi analima masiku asanu ndi limodzi, manja osazolowerawo n'kuchita matuza, munda n'kufika theka.

Loweruka pa 1 Novembala, m'mawa, nkhungu zinadzuka panyanja, mphepo n'kuzikankhira kumtunda. A Jeremiya anachita zimene msodzi aliyense amachita ndi chinthu chamtengo wake. Anakuta chibokosicho ndi mphasa ndi masaka, namanga ndi chingwe zolimba, natsamiritsa miyala kuti pasalowe ngakhale kachilombo kamodzi. Atatero anapita kukagona, monga mlonda amachitira masana. Dzuwa lili paliwombo a Macloud anatulukira mosayembekezeka ndi alendo anayi a chipani, nayatsa makina. Ola lisanathe makina anazima, m'nyumba monse muli fungo la waya wopsa. Alendo anadyera pansi pa mtengo wa mango akutuluka thukuta, akuchotsa nkhungu m'mbale. Wina anaseka nati kwawo ngakhale khola la mbuzi limazizira kuposa pamenepo.

Tsiku lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi ku Malindi, panja panali pataima galimoto. Amuna awiri anafunsa kuti Ambrose ndi uti. Anthu anapatuka mpaka iye anatsala yekha.

“Mubwerako liti?” anafunsa Celestina, atagwira Benedicta padzanja.

“Ukasunge khasu langa,” anayankha Ambrose.

Atafika kunyumba ya bwana anapeza a Jeremiya atakhala padothi. Ambrose anagwada pamaso pa bwana nanena kuti wolakwa ndi iye, chifukwa sanaphunzitse bwino mkuluyo.

“Makina akalira pofika Lachiwiri, nkhani yatha,” anatero a Macloud. “Akapanda kulira, ukafotokoza kwina amene wakutuma.”

Waya mmodzi anali atapsa, ndipo Ambrose anamusintha. Koma fani inali itakokera nyenyeswa za mphasa ndi ulusi wa masaka mkati, miyala ija n'kuphwanya timapepala mbali yonse. Masiku awiri anakhala chogwada ndi kansungwi kake, akuwongola kamodzikamodzi, a Jeremiya atamugwirira ambulera. Lachiwiri pa 4 Novembala, cha m'ma folo koloko, makina analira. Bwana anamugwira paphewa nati, “Waona? Popanda iwe pano palibe chimayenda.” Kuyambira tsiku limenelo analamula kuti Ambrose asamadutse pamlatho wa Mangochi popanda chilolezo chawo.

Tinalemba makalata awiri kwa a Simioni. Sitikanatha kulembamo chifukwa chenicheni, pakuti makalata ankatsegulidwa panjira. Tinangoti ntchito yachuluka. Mvula yoyamba inagwa Lolemba pa 10 Novembala. Loweruka pa 13 Disembala munthu wa panjinga anabweretsa mtolo: khasu, jekete la kutchalitchi ndi mpeni wake wakale. Ambrose anautembenuza kufuna kalata, koma munalibe.

“Lero palibe chowerenga, aphunzitsi,” anatero.

Anatsukabe makinawo zaka zina zisanu, Loweruka lililonse. Makinawo anafa okha ndi ukalamba Lachisanu pa 14 Febuluwale 1992. Mmisiri amene anabwera kudzawaona anati sanaonepo timapepala toyera chotero. Tsiku lomwelo a Macloud anauza Ambrose kuti atha kumapita, popeza wosesa pabwalo sasowa.

Anapita ku Malindi. Munda uja unali wobiriwira mpaka m'malire, wolimidwa ndi mwamuna amene Celestina anakwatiwa naye mu 1988. Benedicta, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anamuyalira mphasa, nagwada, namupatsa madzi akumwa monga amachitira ndi mlendo. Ambrose anamwa, nathokoza, nabwerera dzuwa lisanapendeke.

Anakakhala kwa Mponda, kumene ankasoka maukonde a anthu mpaka anamwalira pa 9 Meyi 2003. Khasu lija analisiya kwa ine, akuti analibe poliika.