Nzimbe Sizinachotse Chikasu M'maso mwa Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga anatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa, chonsecho khansa ikumudya m'mimba. Inu owerenga, ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Champhira ndi bambo wocheka matabwa ku Luwawa, munthu wosachotsa fodya pakamwa.

Anayamba kuonda, thalauza n'kumamanga ndi chingwe. Tonse awiri maganizo anathamangira ku kachirombo, ndipo titayezetsa n'kumva kuti tilibe, tinabwerako tikuseka. Msana ukamawawa ankanamizira sowo. Kenako maso anachita chikasu, thupi lonse kuyabwa, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Apongozi anga aakazi anangomuyang'ana kamodzi. "Mbwenu chikasu basi ichi, mkamwana. Mupatseni nzimbe zambiri chomene, chisukika." Ine ndi phuma langali, tsiku la msika ndinkabwerako nditasenza mtolo.

Zitakanika tinapita kuchipatala pa boma, iwo n'kutitumiza ku Mzuzu kukamujambula. Dokotala anati ndi khansa ya kapamba, chiwalo chobisala kuseri kwa chifu chimene chimathandiza kugaya chakudya. Ndinafunsa ngati ndinamudyetsa choipa, poti azilamu anali atayamba kale kundiyang'ana cham'mbali. Anati ayi. Thupi limapangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi malangizo a nthawi yogawikana ndi nthawi yofa. Mu kaselo kamodzi ka m'kapamba malangizowo amawonongeka, mwina ndi fodya, ukalamba kapena zakumtundu. Kamangogawikana osaleka, tobadwato natonso chimodzimodzi, kwa zaka, mwini wake akucheka matabwa osamva kanthu. Chotupacho chikatseka njira ya ndulu, m'pamene maso amachita chikasu.

Ndinafunsanso ngati akanachira tikanabwera msanga. Dokotala sanalonjeze, anangoti chotupa chisanafalikire nthawi zina amatha kuchichotsa pa opaleshoni. Cha mwamuna wanga chinali chitafika kale kuchiwindi. Ndinalira ngati mwana, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tinamuika mvula isanayambe.

Abale anga, munthu wamkulu akamaonda popanda chifukwa, musamayezetse matenda amodzi n'kukhala phee. Maso akachita chikasu, thamangirani kuchipatala sabata yomweyo, za nzimbe muzisiye. Nzimbe zimene mwamuna wanga analephera kumaliza ndinazitaya kuseri kwa bafa, ndipo mvula itagwa zinaphuka. Ana athu amandifunsa kuti tidzadula liti.